Intaneti ikamakwawa, yambani mwafunsa rauta yanu

Kunyumba kwathu ku Area 23 tidagula rauta chaka chatha. Mwana wanga wamkazi amachita maphunziro ake pa intaneti, ndipo mayi akunyumba amatsatsa zitenje pa WhatsApp. Tsiku lina madzulo mwanayu adalephera kutumiza ntchito ya kusukulu nthawi yake isadathe. Fayilo idangoima pakati mpaka usiku, iye misozi ili mbwembwembwe. Bandulo inali itagulidwa dzulo lake lomwe.

M'mawa mwake ndidaimbira kampani katatu konse ndikukalipa. Wondithandiza adakhala mnyamata wina wokonza mafoni kumsika, yemwe adandifunsa kuti: "Bambo, musanakalipire anthu, mwaona manambala omwe rauta yanu ikuonetsa?" Ndinali ndisadamvepo za manambala amenewa, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri mwa inu awerengi muli ngati ine.

Pansi kapena kumbuyo kwa rauta kumakhala kapepala komatidwa, kolembedwa adiresi monga 192.168.8.1 kapena 192.168.0.1 ndi mawu achinsinsi olowera. Foni yanu ikalumikizidwa ku rautayo, lembani adiresiyo pomwe mumalemba adiresi ya tsamba la intaneti. Pa marauta olowetsa simukhadi, omwe ambirife tili nawo, fufuzani manambala awiri: RSRP ndi SINR.

RSRP imaonetsa mphamvu ya netiweki yomwe ikufika kuchokera ku nsanja. Nambalayi imakhala ndi kamzere kutsogolo, choncho -80 ndi yamphamvu kuposa -100. Ikakhala pa -80 mpaka -90 zinthu zili bwino. Ikadutsa -100 netiweki yafooka, ndipo ikafika -110 ngakhale chithunzi chimavuta kutumiza. SINR imaonetsa ngati netiwekiyo ikumveka bwino pakati pa zosokoneza zina. Zili ngati kuyankhulana mumsika: mnzako akhoza kukuwa, koma phokoso likachuluka sumumva. Kuyambira 13 kupita m'mwamba ndi bwino, 20 ndi bwino kwambiri, koma ikayandikira 0 ndiye pali vuto.

Yathu idaonetsa -108 ndi 2. Chifukwa chake sichidavute kupeza. Rauta tidaiika pansi, kuseri kwa TV, pakona ya makoma a njerwa, pamwamba pali malata. Zitsulo ndi makoma zimatchinga mafunde a netiweki. Tidayendayenda nayo m'nyumba monse, pamalo alionse kudikira mphindi imodzi n'kuwerenganso manambala. Pawindo loyang'ana komwe kuli nsanja, titaikweza pamwamba pa kabati, idafika -91 ndi 14. Sitidalipire ngakhale tambala imodzi.

Amene intaneti yanu imabwera ndi waya, muli ndi zoyang'ana zanu. Ngati ndi waya wa foni za m'nyumba, fufuzani nambala yotchedwa SNR margin. Ikatsika kuposa 6, intaneti imadukaduka, ndipo kawirikawiri vuto limakhala polumikizira waya pomwe pachita dzimbiri, makamaka m'nyengo ya mvula. Ngati ndi faiba, onani kanyali kolembedwa LOS. Kakayaka mofiira ndiye kuti kuwala sikukufika. Mwina waya wapindika kwambiri kapena waduka. Waya wa faiba musaulumikize nokha, itanani kampani.

Manambala akakhala bwino koma intaneti ikuchedwabe, yang'anani m'nyumba mwanu momwemo. Patsamba lomwelo la rauta pali mndandanda wa zipangizo zomwe zalumikizidwa. Ife tili ndi mafoni 4 ndi laputopu imodzi, koma tidapeza zipangizo 11. Ana anali atagawira anzawo mawu achinsinsi, ndipo theka la mzere wathu linkaonera mpira ndi bandulo yanga. Sinthani mawu achinsinsiwo. Ngati rauta yanu ili ndi Wi-Fi ya 2.4 ndi ya 5 GHz, dziwani kuti ya 5 imathamanga koma siidutsa bwino m'makoma, pomwe ya 2.4 imafika patali. Onaninso chaja ya rauta. Ikafooka ndi kuthimathima kwa magetsi, rauta imazima n'kuyakanso yokha.

Pali vuto lina lomwe simungalithetse nokha. Ngati intaneti imathamanga m'mawa koma kuyambira 7 koloko madzulo imakwawa, manambala ali bwinobwino, ndiye kuti nsanja yadzaza. M'madera odzaza anthu ngati kuno, Kawale ndi Chilinde, aliyense akaweruka kuntchito amakhamukira pa nsanja imodzimodziyo. Mwana wanga tsopano amatumiza ntchito zake m'bandakucha.

Pamenepa ndi pomwe muyenera kudandaula, koma mupite ndi umboni. Yesani liwiro pa Speedtest kapena fast.com m'mawa, masana ndi madzulo kwa sabata imodzi, mutaima pafupi ndi rauta. Lembani tsiku, nthawi, liwiro ndi manambala aja m'kope. Mukauza kampani kuti "netiweki ikuvuta" adzangokuuzani kuti muzimitse n'kuyatsanso, koma mukawawerengera manambala amamvetsera. Akapanda kukuthandizani, kadandauleni ku MACRA, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti liziyang'anira makampani a zamtokoma ndi mauthenga komanso kuteteza ogula.

Ndalama ya bandulo ndi yomweyo tikadagulira ufa kapena makala. Kope lathu la manambala tidalipachika pa msomali pafupi ndi windo, ndipo aliyense m'nyumba muno adaphunzira kuwerenga.