Google Docs ndi Zinzake Ziyambire kwa Mphunzitsi

Sukulu za m'Malawi zitatsekedwa pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ana ambiri anangotsala ndi wailesi ndi makope awo akale. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kummwera, makalasi nasanduka misasa ya othawa madzi, mabuku ndi marejisitala zikuonongeka. Ngozi ziwirizi zinaonetsa kuti ntchito ya mphunzitsi ikakhala papepala limodzi, m'kabati imodzi, imatha kutayika usiku umodzi. Apa ndipo pagona phindu la mapulogalamu monga Google Docs, Google Drive ndi Microsoft Teams. Zimene munthu walemba sizikhala mufoni mwake mokha, koma zimasungidwa m'makompyuta akuluakulu a kampani, ndipo amazipeza paliponse pamene pali intaneti. Foni ikabedwa, ntchito sipita nayo. Komanso anthu angapo angathe kulemba pa chikalata chimodzi nthawi imodzi, wina ali ku Nsanje, mnzake ku Karonga.

Tikamakamba za luso limeneli timathamangira kulota mwana aliyense atagwira tabuleti, ndipo tikaona mtengo wake timagwa mphwayi. Poyambira poyenera ndi pa mphunzitsi. Chaka ndi chaka aphunzitsi a Masamu a Fomu 4 m'sukulu zoyandikana amalemba pamanja sikimu za silabasi imodzimodzi, aliyense payekha. Atalemba pamodzi pa chikalata chimodzi, wodziwa mutu wina bwino angathandize anzake, ndipo wongochoka kumene kukoleji angapeze poyambira. Mlangizi wa sukulu zapulayimale angaone sikimu za m'zoni mwake asanakwere njinga yamoto, n'kudziwiratu sukulu yofunika kuiyendera msanga. Mphunzitsi wa ana oposa 100 amatha masiku akuwonkhetsa malikisi, ntchito imene Google Sheets imagwira pakanthawi kochepa, ndipo nthawi yopulumukayo ingapite kwa mwana amene akuvutika kuwerenga. Malo osungira si nkhawa, popeza akaunti ya Google imabwera ndi 15 GB yaulere, yokwanira zolemba za zaka zambiri.

Otsutsa amati izi ndi za kutauni, ndipo mfundo yawo ili ndi maziko. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkawala ndi magetsi, ndipo namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ngakhale a m'tauni anakhala mumdima kwa miyezi. Bandulo nayo siyotsika mtengo pa malipiro a mphunzitsi. Komatu chimene chimadya bandulo ndi kanema ndi misonkhano yoonana nkhope. Mawu olembedwa amadya zochepa zedi. Google Docs imalola kulemba ngakhale netiweki palibe, n'kutumiza zosinthazo ikabwera. Sola yaing'ono imatchaja foni, ndipo zimene zili mufoni imodzi ya mphunzitsi zimafika kwa kalasi yonse kudzera pa bolodi ndi choko. Motero mwana wa kumudzi amapindula ngakhale iye mwini alibe foni.

Nkhawa yaikulu kuposa ya magetsi ndi ya chinsinsi. Maina ndi malikisi a ana zimakasungidwa kunja kwa dziko, ndipo Amalawi sanaiwale mmene mayeso a MSCE a 2020 anaimitsidwira atabedwa. Nkhawayi imafuna mwambo. Lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, limene MACRA imayang'anira, likhale chitsogozo cha sukulu iliyonse: akaunti ikhale ya sukulu osati ya munthu amene mawa angasamutsidwe, ndipo mphunzitsi wamkulu asankhe amene angawerenge ndi amene angasinthe. Mapulogalamuwa amasunganso mbiri ya amene wasintha chinthu ndi nthawi yake, umboni umene rejisitala ya pepala ilibe, ndipo mbiri yomweyo imaulula mnzathu wongokolola pamene sanalime. Choncho makoleji ophunzitsa aphunzitsi ndi ma TDC (malo osulirako aphunzitsi m'mazoni) aphunzitse luso limeneli monga amaphunzitsira kulemba sikimu, ndipo boma likambirane ndi makampani a mafoni za bandulo yotsika mtengo ya aphunzitsi. Matabuleti a ana adzapeza aphunzitsi odziwa kale choti achite nawo.