Tsamba lalikulu kapena masamba ogawana: vuto la RAM mu Linux

Kompyuta imodzi yamphamvu imatha kuyendetsa makompyuta ena ambiri ongoyerekeza mkati mwake. Akatswiri amawatcha virtual machine, koma m'nkhani ino ndiwatchula kuti alendo, poti amakhala ndi kudya m'nyumba ya mwini. Mu Linux, ntchito yolandira alendoyi ndi ya KVM, yomwe inalowa mu kernel m'chaka cha 2007. Kernel ndiye phata la pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ndipo ndiyo imagawa RAM.

Kernel imadula RAM m'tizidutswa ta 4 KB totchedwa masamba. Pulogalamu ikafuna tsamba, purosesa imayang'ana m'ndandanda kuti idziwe pomwe tsambalo lili. Pa makina a x86-64 kufufuzaku kumatenga masitepe 4. Tsono mlendo ali ndi ndandanda yake, mwini nyumba alinso ndi yake, ndipo sitepe iliyonse ya mlendo imayenera kudutsanso m'ndandanda ya mwini. Masitepe aja amatha kufika 24. Purosesa ili ndi kamalo kotchedwa TLB kosungira mayankho aposachedwa, koma kamadzaza msanga.

Njira imodzi yochepetsera vutoli ndi Transparent Huge Pages, yomwe Andrea Arcangeli wa ku Red Hat analemba ndipo inalowa mu Linux 2.6.38 mu 2011. M'malo mwa masamba aang'ono 512, kernel imapereka tsamba limodzi la 2 MB. Yankho limodzi mu TLB limakwanira dera lonselo, ndipo masitepe ofufuza amachepa.

Njira ina imasamala za kuchuluka kwa RAM, osati liwiro. KSM, yomwe inabwera mu Linux 2.6.32 mu 2009, imayendera masamba kufunafuna ofanana ndendende. Alendo khumi akamayendetsa pulogalamu imodzimodzi, masamba ofanana amakhala ambiri. KSM imasunga limodzi lokha kuti onse agawane, ndipo mlendo akafuna kulembapo, kernel imayamba yamukopera lake.

Chimene chinandikoka kwambiri pa kafukufukuyu n'chakuti njira ziwirizi zimalimbana. KSM imaphatikiza masamba a 4 KB okha. Ikapeza kachidutswa kofanana mkati mwa tsamba la 2 MB, tsambalo liyenera kuphwanyidwa, ndipo liwiro lija limatayika. Palinso nkhani ya chitetezo: kulemba pa tsamba logawana kumachedwerapo pang'ono chifukwa cha kukopera kuja, choncho mlendo wochenjera akhoza kuyeza nthawiyo n'kudziwa zomwe mnzake wasunga.

Maganizo anga ndi akuti pa makina omwe alendo ake ndi a anthu osadziwana, KSM izikhala yozimitsa ndipo masamba aakulu azigwira ntchito. M'labu ya sukulu, momwe RAM ndi yochepa ndipo alendo onse ndi ofanana, ndingaiyatse polemba 1 mu fayilo ya /sys/kernel/mm/ksm/run.