Tona wa makina osindikizira: ufa womwe ambiri amautcha inki

Kumapeto kwa teremu iliyonse makina osindikizira sapuma. Makalasi a zinenero ziwiri amadya mapepala kuposa ena, chifukwa mabuku a Chinyanja akaperewera mphunzitsi amalemba yekha nthano, zilapi ndi mayeso, kenako n'kukachulukitsa. Kwa aphunzitsi a ku Msumba zimenezi zimatanthauza ulendo wa ku Metangula kapena wa ku Lichinga, kapena kudalira makina amodzi a sukulu zonse za mu ZIP. Chitini cha tona chikatha kapena chikatayikira, amene amachigwira ndi mphunzitsi yemweyo, ndipo machenjezo ake alembedwa m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi, m'zilembo zazing'ono.

Vuto limayambira pa dzina. Ambiri amati "inki yatha," koma tona ndi ufa wouma, ndipo munthu amene akuganiza za inki amathamangira madzi otentha ndi sopo, zomwe zimangowonjezera vuto. Chester Carlson, amene anatulukira njira yosindikizirayi ku New York mu 1938, luso lake linapatsidwa dzina la xerography, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza "kulemba kouma." Ufawo umakokedwa ndi mphamvu ya magetsi ngati imene imachititsa chipeso chokhula pa tsitsi kunyamula tizidutswa ta pepala. Ukafika papepala umadutsa pa chogudubuza chotentha, chomwe m'makina ambiri chimayandikira madigiri 200, n'kusungunuka n'kumamatira.

Mbali yaikulu ya ufawu ndi pulasitiki wopera, wosakaniza ndi phula pang'ono, ndipo m'mitundu ina muli chitsulo. Mtundu wakuda nthawi zambiri umachokera ku carbon black, mwaye wa m'fakitale womwe umagwiritsidwanso ntchito popanga matayala. Kanjere kamodzi ka tona n'kamamaikulomita 5 mpaka 10, kochepa kangapo kuposa kunenepa kwa tsitsi, n'chifukwa chake kamauluka msanga n'kulowa m'mphuno. Bungwe la IARC, lomwe lili pansi pa WHO, linaika carbon black m'gulu la 2B mu 1996, kutanthauza zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa. Chiweruzochi chinatsamira kwambiri pa makoswe amene anapumira fumbi lambiri kwa nthawi yaitali, ndipo mu tona mwayewo umakhala wokutidwa ndi pulasitiki. Pepala losindikizidwa bwino silivulaza mwana, ndipo palibe chifukwa choopera kuligwira. Choyenera kupewa ndi ufa womwe uli poyera, makamaka kwa munthu wa mphumu ndi kwa amene amadzaza zitini tsiku ndi tsiku m'kachipinda kopanda mazenera.

Ufa ukatayika pansi, tsache silithandiza. Limangouwulutsa. Choyamba ana atuluke, mazenera atsegulidwe, ndipo wokonzayo aphimbe mphuno ndi pakamwa. Ufa wambiri auwole pang'onopang'ono ndi kapepala kolimba, wotsalawo aupukute ndi nsanza yonyowetsa m'madzi ozizira, zonse aike m'jumbo n'kumanga. M'miyezi ya mwera, kuyambira June mpaka August, ndi bwino kuyamba kuona kumene mphepo ikuchokera, chifukwa zenera lolakwika lingamwaze ufawo m'chipinda chonse.

Madzi ozizira ndiwo lamulo lalikulu. Madzi otentha amafewetsa pulasitiki uja n'kumumatiza pakhungu kapena pansalu, monga momwe makina amachitira papepala. Malaya odetsedwa akutumulidwe panja ali ouma, achapidwe m'madzi ozizira, ndipo asasitidwe banga lisanachoke. Ufa ukalowa m'maso, munthu asatikite koma atsuke ndi madzi oyera kwa mphindi 15. Mwana akaumeza, achukuche mkamwa, amwe madzi, apite naye kuchipatala atanyamula bokosi la tonayo kuti a zaumoyo aone chimene wameza. Pepala likakanirira m'makina pamafunikanso kuleza mtima: zilembo zake zimakhala zisanamatire ndipo zimatsalira m'manja, pamene chogudubuza chija chingawotche chala ngati sichinapatsidwe nthawi yozizira.

Kutaya ndiye kovuta, ndipo apa malangizo a opanga makina sagwirizana ndi moyo wa kunyanja. Iwo amati chitini chibwezedwe kwa wogulitsa, ngati kuti sitolo ili kuseri kwa sukulu. Mozambique ili ndi lamulo la zinyalala zoopsa, Decreto 83/2014, koma malo odziwika otayirako zinyalala za m'mafakitale ali ku Mavoco, m'boma la Boane, kumwera kwenikweni kwa dziko. Kusukulu zinyalala zimathera kudzala, n'kuyatsidwa. Chitini cha tona sichiyenera kupita kumeneko. Ngakhale chooneka kuti chatha chimakhalabe ndi ufa, womwe ungalilime mwadzidzidzi pamoto, ndipo utsi wa pulasitikiyo amaupuma ndi ana omwe atumidwa kukasonkhezera. Kuchisiya poyera nakonso sikuthandiza, popeza kwa mwana wopanga galimoto ya mawaya, timagiya ndi tizogudubuza ta m'katimo ndi chuma.

Kuchitsuka kunyanja kapena kukhuthulira ufa m'ngalande n'koipa koposa. Pulasitiki sawola. Mvula ikagwa zonse za kumtunda zimatsikira m'madzi omwe anthu amamwa ndi kuphamo usipa ndi utaka, m'nyanja yomwe mbali yake ya Mozambique inakhala malo otetezedwa mu 2011.

Chotheka n'chosavuta. Chitini chakale chibwerere m'jumbo ndi m'bokosi momwe munachoka chatsopano, chilembedwe tsiku, chisungidwe m'kabati yokhoma, kutali ndi dzuwa ndi chakudya. Zikachuluka, mkulu wa sukulu kapena wa ZIP akambirane ndi ofesi ya SDEJT ku Metangula kuti zipite ku Lichinga paulendo wokagula zina, ndipo wogulitsa afunsidwe asanalandire ndalama ngati amalandira zakale, pakuti zambiri zimatha kudzazidwanso.

Palinso ntchito imene aphunzitsi a zinenero ziwiri angaigwire bwino kuposa wina aliyense: kulemba chenjezo lalifupi m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi n'kulimata pamwamba pa makina, kuti mlonda ndi wosesa aliwerenge m'chinenero chawo. Mawu oti "ufa wa makina" akuoneka oyenera kuposa "inki," chifukwa wowamva amadziwiratu kuti chinthucho chimauluka ndiponso kuti sachisesa.