Mpasa wa mu Rukuru ndi Kagwiridwe Kake Koyenera

Anzanga ophunzira ndi inu aphunzitsi athu, palibe mwana wa ku Karonga amene sadziwa kukoma kwa mpasa. Nsomba imeneyi ikafika pakhomo, ngakhale mwana wokana nsima amasamba m'manja msanga. Koma ndi angati mwa ife amene anayamba aganizapo za kumene mpasa uchokera, chifukwa chimene ukwerera mitsinje, ndi chimene chidzauchitikira tikapitiriza kuugwira mosasamala? M'nkhani ino ndifuna kuti tione zinthu zitatu: moyo wa nsombayi, njira zoigwirira, ndi khalidwe loyenera msodzi wanzeru.

Mpasa ndi nsomba yotani?

Mpasa ndi nsomba ya m'nyanja ya Malawi ndi m'mitsinje yothira m'nyanjayi, ndipo supezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Akatswiri a sayansi amautcha Opsaridium microlepis. Ndi nsomba yaitali, yonyezimira ngati siliva, ya mamba ang'onoang'ono, ndipo waukulu ungathe kulemera makilogalamu 4. Uli ndi mng'ono wake, sanjika, amene ali wocheperapo. Azungu anaupatsa dzina la "lake salmon" poona kuti umakwera mitsinje kukaswa monga ichitira nsomba ya kwawo yotchedwa salmon. Koma kunena zoona mpasa si mbale wa salmon ayi. Mbale wake weniweni ndi usipa, ngakhale kuti usipa womwewo ndiwo chakudya chake chachikulu.

David Livingstone ndi John Kirk atayenda pa nyanja yathu m'ngalawa mu 1861 anaona nsombayi ikukwera mitsinje ndipo anthu akuigwira ndi mabiyo. Mu 1864 katswiri wina wa ku London, Albert Günther, analemba za maonekedwe ake kwa nthawi yoyamba m'mabuku a sayansi. Chotero usodzi wa mpasa si wa lero. Makolo athu anauyamba kalekale.

Ulendo wa mpasa

Mpasa umakulira m'nyanja, kumene umasaka usipa ndi tinsomba tina. Ukakhwima, mvula itagwa ndi mitsinje itadzaza, umasonkhana pa mathiriro a mitsinje nuyamba kukwera. Kuno kwathu umakwera North Rukuru, mtsinje wochokera ku mapiri a Nyika umene umathira m'nyanja pafupi ndi boma la Karonga, ndiponso Songwe, amene ali malire a dziko lathu ndi Tanzania. M'chigawo chapakati umakwera Bua ndi Linthipe.

Ulendowu ndi wovuta, pakuti nsomba imalimbana ndi madzi othamanga masiku ambiri. Chimene ifunafuna ndi malo osaya, a madzi oyera oyenda bwino, okhala ndi timiyala pansi. Madzi akayamba kuyera mvula itatha, m'miyezi yozizira, mpasa umaikira mazira pakati pa timiyalato. Madzi odutsa m'mipata ya timiyala ndiwo amabweretsa mpweya umene mazira amafuna. Tiana tikaswedwa timakhala mumtsinje miyezi ingapo, tikudya tizilombo ta m'madzi, kenaka timatsikira kunyanja kukakula.

Tsono taonani pamene pagona nkhani. Mpasa uliwonse wokwera mtsinje ndi kholo lopita kukabala. Munthu wogwira mpasa waukazi pa mathiriro sanagwire nsomba imodzi yokha, koma waphanso mazira zikwi zambiri amene anali m'mimba mwake. Ndiponso nsomba zimene m'nyanja zinali zobalalika, mumtsinje zimadutsa pa njira imodzi yopapatiza, kotero kuti anthu ochepa angathe kuzitsekereza zonse.

Njira zogwirira mpasa

Njira yoyamba ndi biyo. Uwu ndi mpanda wa mitengo ndi bango womangidwa mopingasa mtsinje, ndipo m'mipata yake amatcheramo miono. Nsomba ikafika pampandapo imafunafuna podzera, nilowa m'mono, ndipo singathenso kutuluka. Biyo si loipa pa lokha. Likasiya mpata, nsomba zina zimagwidwa ndipo zina zimadutsa kukaswa. Koma lotseka mtsinje wonse kuyambira tsidya lino kufikira tsidya linalo ndi mdani wa mpasa.

Njira yachiwiri ndi maukonde, monga matchera otchera pa mathiriro ndi makoka okokera m'maiwe. Kale ukonde unali wopota pamanja ndi luzi, ndipo unali wovuta kupanga ndi wosachedwa kuola. Maukonde a nayiloni atafika cha m'ma 1950, munthu mmodzi anayamba kugwira nsomba zimene kale zikanafuna mudzi wonse.

Njira yachitatu ndi mbedza. Msodzi amaika nyambo ya usipa kapena kansomba kena, naponya m'madzi akuya pang'ono pamene mpasa umapumulira. Ena amagwiritsa ntchito kachitsulo konyezimira kamene kamaoneka ngati kansomba kothawa. Njira imeneyi imafuna luso ndi kudekha, pakuti mpasa ndi wamphamvu ndipo umalimbana kwambiri. Ubwino wake ndi wakuti msodzi amagwira imodziimodzi, ndipo angathe kusankha yotenga ndi yobwezera.

Palinso njira ziwiri zochititsa manyazi. Ina ndi kuthira katupe kapena mankhwala ena m'maiwe madzi akaphwera. Mankhwala sasankha: amapha mpasa, tiana take, nkhanu ndi tizilombo timene nsomba zimadya. Ina ndi kukoka ndi neti yotetezera udzudzu. Netiyi inabwera kudzatiteteza ku malungo, koma ikalowa m'madzi imasesa ngakhale tiana tochepa ngati njere ya mpunga. Lamulo la usodzi la dziko lathu la 1997 limapatsa boma mphamvu yoletsa njira zoononga, ndipo kupha nsomba ndi mankhwala kapena zophulika ndi mlandu.

Mdani amene sali mumtsinje

Tisaganize kuti olakwa ndi asodzi okha. Munthu wodula mitengo kumapiri ndi wolima mpaka pagombe penipeni pa mtsinje amapha mpasa ngakhale sanagwirepo mbedza. Mvula ikagwa pa nthaka yopanda mitengo, dothi limakokoloka kulowa mumtsinje. Matope amatseka mipata ya timiyala, ndipo mazira amafa posowa mpweya. Ndiponso mtsinje umene magwero ake alibe mitengo umasefukira kwambiri m'dzinja nuphwa msanga m'chilimwe, tiana tisanakonzeke kutsika. Ife a ku Karonga tidziwa bwino kusefukira kwa Rukuru ndi Songwe.

N'chifukwa chake mpasa watsala makamaka m'mitsinje yodzera m'malo otetezedwa. North Rukuru amachokera ku Nyika, amene anakhala malo osungirako zinyama mu 1965, ndipo Bua amadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Nkhalango ikusunga nsomba ngakhale kuti nsomba sizikwera mitengo.

Phunziro la ntchila

Wina angafunse kuti, “Kodi nsomba zingathe kutha m'nyanja yaikulu chotere?” Funsani agogo anu za ntchila. M'zaka za m'ma 1950 ntchila inali imodzi mwa nsomba zogwidwa kwambiri m'nyanja yathu. Nayonso inali yokwera mitsinje kukaswa. Anthu anaigwira yochuluka, makamaka pa nthawi yoswa, ndipo mitsinje yake inaonongeka. Pofika m'ma 1960 inayamba kusowa, ndipo lero achinyamata ambiri sanaionepo. Bungwe la dziko lonse loona za chilengedwe, IUCN, linaiika m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu. Mpasa nawonso uli pa mndandanda wa bungwelo wa nsomba zimene zili pangozi. Madzi akatayika saoleka.

Zimene achita anzathu a kutali

Ku America ndi ku Canada, m'mitsinje yothira m'nyanja ya Pacific, kuli nsomba yotchedwa steelhead imene moyo wake ufanana ndi wa mpasa. Imabadwira mumtsinje, imakulira m'nyanja yamchere, ndipo imabwerera kumtsinje kukaswa pa timiyala. Nayonso inachepa chifukwa cha madamu, kudula mitengo ndi usodzi wopitirira muyeso, kotero kuti kuyambira 1997 boma la United States linaika magulu angapo a nsombayi pansi pa chitetezo cha lamulo. Ku British Columbia msodzi wa mbedza akagwira steelhead yobadwira mumtsinje ayenera kuibwezera m'madzi yamoyo, ndipo mbedza yake iyenera kukhala yopanda ngowe yobwerera m'mbuyo kuti nsomba isavulale kwambiri.

Komabe tisatengere zonse mwachimbulimbuli. Ambiri mwa asodzi amenewo amawedza mongosangalala, pamene msodzi wa mu Rukuru amawedza kuti ana adye ndi kuti apeze fizi ya sukulu. Kumuuza kuti abwezere nsomba zonse ndi kulankhula ngati munthu wokhuta. Chimene tingaphunzire kwa iwo ndi ichi chokha: kuti nsomba yokaswa ili ndi mtengo woposa nyama yake.

Khalidwe la msodzi wanzeru

Mlimi sadya mbewu yake yonse ngakhale njala itavuta. Amasunga ina padenga. Msodzi achitenso chimodzimodzi. Poyamba, womanga biyo asiye mpata pamene madzi ali akuya, kuti nsomba zina zidutse usana ndi usiku. Chachiwiri, malo oswera asiyidwe pa mtendere. Osaponyapo ukonde, osabayapo nsomba ndi mkondo, osakumbapo mchenga ndi timiyala. Chachitatu, nsomba yaing'ono ibwezedwe. Poibwezera, nyowetsani manja, musaigwire m'makha, chotsani mbedza msanga, ndipo muigwirizize m'madzi mutu utaloza kumene madzi achokera kufikira itapeza mphamvu. Chachinayi, katupe ndi neti ya udzudzu zisayandikire mtsinje. Chachisanu, munthu atenge zokwanira banja lake ndi malonda ake a tsikulo, osati mulu wokaola padzuwa.

Palinso nkhani ya chilungamo pakati pa anthu. Mudzi wa kumathiriro ukatseka mtsinje wonse, midzi ya kumtunda idya chiyani? Ndipo a kumtunda akathira mankhwala pa malo oswera, a kunyanja adzagwira chiyani zaka zikudzazo? Pa Songwe nkhaniyi ikhudza maiko awiri, pakuti mpasa sudziwa malire. Mutu umodzi susenza denga. Mafumu, makomiti a asodzi a m'midzi ndi alangizi a zausodzi ayenera kumvana, ndipo lamulo lopanganidwa pabwalo lisungidwe ndi onse, wolemera ndi wosauka yemwe.

Nanga ife ophunzira?

Mwina mukuti, “Ife ndife ana, tingachitenji?” Ambiri a ife pa tchuthi timapita kumtsinje, ndipo kawirikawiri okoka neti ya udzudzu ndi anyamata ndi atsikana a msinkhu wathu. Tiyambe ndife kuleka. Tingathenso kubzala mitengo ndi kusiya bango m'mbali mwa mitsinje ya kwathu. Tifunse akuluakulu mwaulemu za mmene mabiyo ankamangidwira kale ndi nyengo imene mpasa unkafika, ndi kulemba zimenezo m'makope athu zisanaiwalike. Tikafotokozere makolo zimene taphunzira, osati monyada ngati odziwa zonse, koma mofatsa monga ayenera mwana wamwambo.

Mpasa umene ukukwera Rukuru chaka chino ndiwo udzabala umene tidzadya tikadzatsiriza sukulu. Tikausiyira mpata pa biyo, ana athu adzaudziwa kukoma kwake. Tikautsekereza wonse, adzangomva dzina lake kwa ife, monga ife timvera za ntchila kwa agogo athu.

Wophunzira wa Fomu 3