Mpando umene udabadwa ku njinga

Mpando wa bwana umadziwika ndi kulemera kwake. Umakhala wa matabwa okhuthala, wodzaza ndi thonje kapena siponji, ndipo pousuntha pamafunika anthu awiri. Umu ndi mmenenso zinthu zidalili ku Ulaya zaka 100 zapitazo, kufikira pamene mnyamata wina wa zaka 23 adayang'anitsitsa mahandulo a njinga yake ndi kudzifunsa: ngati chitsulo ichi chimapindika chonchi koma osathyoka, chingalephere bwanji kunyamula munthu atakhala pansi?

Mnyamatayo adali Marcel Breuer, ndipo mpando umene adapanga m'chaka cha 1925 lero umadziwika ndi dzina loti Wassily. Ukupangidwabe mpaka pano, ndipo ukupezeka m'nyumba zosungiramo zaluso monga Museum of Modern Art mumzinda wa New York.

Breuer adabadwa mu 1902 mumzinda wa Pécs m'dziko la Hungary. Ali ndi zaka 18 adapita ku Germany kukalowa sukulu ya zaluso yotchedwa Bauhaus, imene Walter Gropius adaikhazikitsa mu 1919 mumzinda wa Weimar. Sukuluyi idali yosiyana ndi zinzake chifukwa inkakana kulekanitsa wojambula ndi mmisiri. Wophunzira aliyense ankayenera kugwira chida ndi manja ake, kaya ndi kopala matabwa, koluka nsalu kapena kosula zitsulo. Breuer adasankha matabwa, ndipo pamene sukuluyi idasamukira ku Dessau mu 1925, iye adapatsidwa udindo woyang'anira gawo la ukalipentala.

Ndi ku Dessau komweko kumene adagula njinga ya mtundu wa Adler. Chidamudabwitsa ndi choti njinga ndi yopepuka, munthu amatha kuinyamula paphewa, koma imasenza mwini wake m'misewu yamabampu osakhota. Adapempha kampani ya Adler kuti imugulitse mapaipi, koma eni ake sadaonepo nzeru pa nkhani yopanga mipando ndi zitsulo za njinga. Iye sadagwe mphwayi. Adapeza mapaipi a kampani ya Mannesmann, imene idatchuka ndi luso lopanga mapaipi opanda msoko.

Apa ndi pamene padagona chinsinsi. Paipi wamba amapangidwa popinda chitsulo chaphanthiphanthi ndi kuchiwotcherera m'litali mwake. Mzere wowotchererawo ndiwo msoko, ndipo masiku amenewo paipi wotere ukamupinda kwambiri ankaphwanyika kapena kung'ambika pamsokopo. Paipi wopanda msoko amabooledwa kuchokera ku chitsulo chathunthu chili chotentha, choncho mphamvu yake ndi yofanana mbali zonse. Amalola kupindidwa bwinobwino ngati khosi la tsekwe.

Pokhala kalipentala, Breuer sankadziwa zambiri za zitsulo. Paja mutu umodzi susenza denga, iye adafuna thandizo kwa mmisiri wodziwa kupinda ndi kuwotcherera mapaipi. Mpando woyamba udali wowotcherera ndipo udali ndi miyendo inayi. Sudamukhutiritse. Adapitiriza kuusintha mpaka miyendo ija idasanduka mapaipi awiri ogona pansi, olumikiza kutsogolo ndi kumbuyo, kuti mpando uzitsetsereka poukoka. Malo ambiri owotcherera adawasintha n'kuikamo mabawuti, zimene zidathandiza kuti zigawo zake zizipangidwa pazokha kufakitale ndi kudzalumikizidwa pambuyo pake. Chitsulocho ankachikuta ndi nickel, ndipo kenaka adayamba kuchikuta ndi chrome, kuti chiziwala komanso chisachite dzimbiri.

Mukauona koyamba mpandowu mungaganize kuti mmisiri sadaumalize. Chimene Breuer adachita ndi kutenga mpando wandalema wa anthu olemera uja, n'kuuchotsa thonje, masipuling'i ndi matabwa onse, n'kusiya mafupa okhaokha. Pokhalira, potsamira msana ndi poika mikono adakungapo malamba a nsalu. Malambawa adawaika mochenjera kotero kuti munthu akakhala, thupi lake limagona pansalu osati pachitsulo chozizira. Pokhalira padapendekeka chakumbuyo, ndiye thupi limatsetsereka lokha n'kukakhazikika potsamira.

Nsaluyo nayo ili ndi mbiri yake. Nsalu wamba ikadatamuka m'masabata ochepa. Ankagwiritsa ntchito ulusi wa thonje wopakidwa phula ndi kupukutidwa mpaka kulimba, umene Ajeremani amautcha Eisengarn, kutanthauza ulusi wachitsulo, ngakhale mulibe chitsulo m'kati mwake. Mtsikana wina wophunzira kuluka pa Bauhaus, Margaretha Reichardt, ndiye adathandiza kukonza nsalu yolimba ya ulusiwu yoyenera mipando ya mapaipi. Anthu ambiri amene amatama Breuer sadziwa dzina la mayiyu. Masiku ano mipando yambiri ya mtunduwu imakungidwa ndi chikopa cha ng'ombe chokhuthala.

Poyamba mpandowu unkangotchedwa B3, nambala ya m'buku la malonda. Ambiri amaganiza kuti Breuer adaupangira Wassily Kandinsky, katswiri wojambula zithunzi wa ku Russia amene ankaphunzitsa pa sukulu yomweyo. Zoona zake n'zakuti Kandinsky adangouona, n'kuukonda, ndipo Breuer adamupangira wake woika m'nyumba. Dzina loti Wassily lidabwera patatha zaka zoposa 30, pamene wamalonda wa ku Italy, Dino Gavina, adayambanso kupanga mpandowu kumayambiriro a zaka za m'ma 1960. Iye adamva nkhani ya Kandinsky ndipo adaona kuti dzina la munthu limagulitsa katundu kuposa nambala.

Luso ndi malonda ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo Breuer adaziona yekha. Pofuna kupeza phindu pa nzeru zake, adatsegula kampani ya Standard-Möbel mumzinda wa Berlin pamodzi ndi mnzake wa ku Hungary, Kalman Lengyel. Izi sizidakondweretse akuluakulu a Bauhaus, amene ankayembekezera kuti ntchito za aphunzitsi zizibweretsa ndalama kusukulu. Kampaniyo siidayende bwino, ndipo mu 1929 idatengedwa ndi kampani ya Thonet.

Padabukanso mlandu pa mpando wina wa mapaipi, wopanda miyendo yakumbuyo, umene umanyamula munthu ndi paipi wopindidwa kuchokera kutsogolo. Breuer adapanga wake mu 1928, wokhala ndi pokhalira poluka, umene pambuyo pake udatchedwa Cesca potengera dzina la mwana wake wamkazi Francesca. Koma katswiri wa ku Netherlands, Mart Stam, adali ataonetsa kale mpando wa maonekedwe otere, ndipo mu 1932 khoti la ku Germany lidagamula kuti umwini wa maonekedwewo ndi wa Stam.

Ndale nazo zidalowererapo. Chipani cha Nazi chinkadana ndi Bauhaus, ndipo chidachititsa kuti sukuluyi ichoke ku Dessau mu 1932. Idasamukira ku Berlin kumene idatsekedwa mu 1933. Breuer, amene adabadwira m'banja la Chiyuda, adapita ku England mu 1935, kenaka ku America mu 1937 kumene adakaphunzitsa pa yunivesite ya Harvard. Kumeneko adatchuka ndi kujambula mapulani a nyumba. Adali mmodzi mwa akatswiri atatu amene adajambula likulu la bungwe la UNESCO ku Paris, lomwe lidatsegulidwa mu 1958. Adamwalira ku New York mu 1981.

Kampani ya Knoll idagula kampani ya Gavina mu 1968, ndipo mpando wa Wassily ukugulitsidwabe pansi pa dzina la Knoll. Chomvetsa chisoni n'chakuti cholinga cha Bauhaus chidali kupanga katundu wabwino woti munthu wamba akwanitse, koma lero mpando weniweni wa Wassily umagulidwa ndi madola masauzande. Sulinso wa aliyense pa kakhalidwe kake: ndi wamfupi ndi wopendekeka, moti agogo a nyamakazi angavutike kudzukapo, ndipo sungagwire ntchito patebulo lodyera.

Komabe nzeru ya Breuer idafika kumene mpando wake sudafike. Mipando ya mapaipi opinda imene timakhalira m'maofesi, m'zipatala ndi m'makalasi idatsata njira imene iye ndi anzake a nthawi imeneyo adalambula. Mmisiri wowotcherera zitsulo pamsika akamapinda paipi kuti apange mpando, akugwira ntchito imene poyamba eni fakitale ya njinga adaiona ngati yopanda mutu.

Kwa makolo amene amadandaula mwana akasankha sukulu ya ntchito zamanja m'malo mwa ya muofesi, ndi bwino kukumbukira kuti munthu amene adajambula nawo likulu la UNESCO adayambira pa benchi ya kalipentala, atagwira sowo ndi chopalira matabwa.