Kuvomera kwa munthu wanjala si ufulu

Ntchito yanga ndi ya malamulo oteteza zinsinsi za anthu pa intaneti. Ambiri amaganiza kuti timakhalira kusaka akuba a pa kompyuta, koma funso lomwe limatisowetsa tulo ndi lina: munthu akadina batani lovomereza, kodi wavomeradi mwa kufuna kwake?

Taonani zomwe zinachitika ku Kenya mu 2023. Kampani ya Worldcoin, yomwe m'modzi mwa oiyambitsa ndi Sam Altman wa OpenAI, inabwera ndi makina obulungira onyezimira otchedwa Orb. Munthu ankasuzumira m'makinamo, iwo n'kujambula timizere ta m'diso lake, tomwe sitifanana ndi ta wina aliyense. Akatero ankalandira ndalama za pa intaneti zokwana pafupifupi mashilingi 7,000. Anthu anakhamukira ku malo ochitira misonkhano a KICC mumzinda wa Nairobi mpaka boma linaimitsa ntchitoyi mu Ogasiti chaka chomwecho. Mu Meyi 2025 khoti lalikulu la dzikolo linalamula kuti zonse zomwe anajambula zifufutidwe.

Palibe anagwidwa pakhosi, onse anapita ndi miyendo yawo. Nanga vuto linali pati? Pa ntchito yathu chilolezo timachiyesa ndi mafunso atatu. Kodi munthuyo anauzidwa momveka komwe zinthu zake zikupita? Kodi akanatha kukana popanda kuluza kanthu? Kodi mawa angasinthe maganizo? Amene kunyumba kwake ufa watha sakana mashilingi 7,000. Komanso nambala yachinsinsi ikabedwa mumasintha, pomwe diso mulibe lina.

N'chifukwa chake malamulo a masiku ano sakhutira ndi kudina batani kokha. Lamulo la GDPR la mayiko a European Union, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, limasenzetsa kampani udindo wosonyeza umboni woti chilolezo chinaperekedwa mwaufulu. Malawi nayenso anakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi zotere mu 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo likuyang'anira.

Choncho pulogalamu ya ngongole ya pa foni ikapempha manambala onse a abale anu musanalandire khobidi, dzifunseni ngati mukanatha kukana n'kuthandizidwabe. Ngati simukanatha, musadziimbe mlandu kuti munavomera nokha. Kampaniyo ndiyo iyenera kufotokoza chomwe ikufunira manambalawo, ndipo muli ndi ufulu wokadandaula.