Mfumu Yosaka Chigawenga, Chigawengacho Ndi Iyo Yomwe

Mu September 1986, wailesi ya kanema ya BBC2 ku Britain inaonetsa masewero atatu m'sabata imodzi, onse olembedwa ndi munthu amene anamwalira zaka pafupifupi 2,400 m'mbuyomo. Mlembiyo ndi Sophocles wa ku Athens, m'dziko la Greece, yemwe analemba masewero oposa 120 koma otsala athunthu lero ndi 7 okha. Amene anawakonza kuti alowe pakanema ndi Don Taylor. Iyeyu anawalembanso m'Chingerezi chamakono, n'kutsogolera yekha ochita sewero, ndipo anawapatsa dzina limodzi lakuti The Theban Plays popeza onse amanena za banja lachifumu la mzinda wa Thebes.

Sophocles sanawalembe ngati nkhani imodzi yotsatizana ayi. Antigone, yomwe imatseka nkhaniyi, ndiyo inayamba kulembedwa cha m'ma 441 Yesu asanabadwe. Oedipus the King inabwera cha m'ma 429, pamene Oedipus at Colonus inaonetsedwa mu 401, mwiniwake atatsikira kale kuli chete. Taylor anangowandandalika motsata m'mene zinthu zimachitikira m'nkhanimo, ndipo mwa atatuwa lomwe limagwira mtima kwambiri ndi Oedipus the King.

Nkhani yake ili motere. Laius, mfumu ya Thebes, analoseredwa kuti adzaphedwa ndi mwana wake yemwe. Mwanayo atabadwa anamuboola akakolo n'kumupereka kwa mbusa kuti akamutaye kuphiri la Cithaeron. Mbusayo anagwidwa chisoni, n'kupatsa khandalo mbusa mnzake wa ku Corinth, komwe mfumu Polybus ndi mkazi wake Merope analilera ngati lawo. Atakula, Oedipus anakafunsira ku kachisi wa Apollo ku Delphi, ndipo anauzidwa kuti adzapha bambo ake ndi kukwatira mayi ake. Anaganiza zosabwereranso ku Corinth kuti apulumutse anthu amene ankawayesa makolo ake. Panjira, pamphambano ya misewu itatu, anakangana ndi mkulu wina wokwera gareta n'kumupha. Atafika ku Thebes anamasula ndagi ya chilombo chotchedwa Sphinx chomwe chinkasautsa mzindawo, ndipo mphotho yake inali ufumu pamodzi ndi Jocasta, mkazi wamasiye wa Laius. Anabereka naye ana anayi.

Zonsezi zimakhala zitachitika kale sewero lisanayambe. Kanema akamatseguka, mliri wagwa mu Thebes, anthu akufa, ndipo uthenga wochokera ku Delphi ukuti mliriwo sutha mpaka amene anapha Laius atapezeka. Oedipus akulumbira pamaso pa anthu kuti amusaka, n'kumutemberera.

Akale amati chakudza sichiimba ng'oma, koma m'nkhani iyi chinaimba ng'oma kawiri konse, kwa bambo ndi kwa mwana, ndipo kuthawa kwawoko ndi kumene kunawakumanitsa pamphambano. Ambiri amangoti Oedipus anali chidole m'manja mwa milungu. Koma munthu akapenyetsetsa, palibe mulungu ndi mmodzi yemwe amene amaonekera m'seweroli. Milungu inangonena zimene zidzachitike. Amene anakweza ndodo pamphambano paja ndi Oedipus mwini, chifukwa cha mtima wapachala. Amene akukakamira kufufuza ndi iye yemwe, ngakhale mlosi wakhungu Teiresias akukana kulankhula, Jocasta akumuchonderera kuti aleke, ndipo mbusa wokalamba akuulula pokhapokha ataopsezedwa. Nzeru ndi khama zomwe zinapulumutsa Thebes kwa Sphinx ndi zomwezo zikumukumbira dzenje.

Apa ndi pamene kanema amachita zimene bwalo lakale silikanatha. Ku Athens masewerowa ankachitikira panja, pabwalo la Dionysus, pamaso pa anthu zikwizikwi. Ochita sewero anali amuna okhaokha, atatu basi kuphatikiza gulu loimba ndi kuvina, ndipo ankavala zigoba kumaso. Nkhope ya chigoba siisintha, kaya munthu wamva uthenga wa chikondwerero kapena wa maliro. Pakanema nkhope ya munthu ili poyera. Michael Pennington, yemwe okonda mafilimu angamukumbukire ngati msilikali wamkulu mu Return of the Jedi ya 1983, ndiye Oedipus. Claire Bloom ndi Jocasta. Mthenga wa ku Corinth akamafotokoza za khanda la akakolo oboola, Jocasta amakhala woyamba kuzindikira kuti mwamuna wakeyo ndi mwana wake, ndipo woonera amaiwerenga nkhaniyo pankhope pake. Oedipus iye akungoganiza kuti mkaziyo akuchita manyazi poopa kuti anakwatiwa ndi mwana wa kapolo.

John Gielgud anali ndi zaka 82 pamene anaoneka ngati Teiresias. Mkangano wake ndi mfumu, wakhungu wodziwa zonse ndi wopenya wosadziwa kanthu, ndi chimodzi mwa zigawo zokoma kwambiri.

Komabe Taylor sanafune kusandutsa seweroli filimu wamba. Sanapite ku Greece kukajambula mapiri ndi mabwinja. Zonse anajambulira m'situdiyo ndi makamera angapo, ochita sewero akulankhula zigawo zitalizitali mosadukiza, ndipo zovala zawo sizochokera m'nyengo imodzi. Anasunganso mwambo wa Agiriki wosaonetsa zoopsa pamaso pa anthu. Kudzimangirira kwa Jocasta, ndi m'mene Oedipus anadzibayira m'maso ndi zingano zomangira chovala cha mkaziyo, zimamveka kuchokera pakamwa pa mthenga. Woonera amangoona zotsatira zake mfumu ikatuluka.

Chovuta chinali gulu lija loimba ndi kuvina. Taylor anaika amuna 12 olankhula pamodzi, nyimbo za Derek Bourgeois zikumveka pansi. Ali ngati madoda a pabwalo la mfumu, omvera mlandu, olangiza ndi odandaula koma osagamula. Pabwalo lalikulu gulu lotere limadzaza malo. M'kabokosi ka kanema limapanikizika, ndipo pena nkhani imaima kudikira kuti amalize. Amene anazolowera mafilimu othamanga akhoza kutopa pamenepa.

M'masewero awiri otsatirawo, Anthony Quayle ndi Oedipus wokalamba yemwe akufera ku Colonus pafupi ndi Athens, ndipo Juliet Stevenson ndi mwana wake Antigone, amene akuphwanya lamulo la malume ake Creon poika m'manda mlongo wake Polynices. John Shrapnel ndi Creon m'masewero onse atatu, choncho woonera amaona bwino m'mene munthu woyamba ndi mawu odekha akusandukira wolamulira wankhanza.

Taylor anabwereranso kwa Agiriki mu 1990 ndi Iphigenia at Aulis ya Euripides, ndipo anamwalira mu 2003. Wofuna kulawa ntchito yake ayambe ndi Oedipus the King, apirire pazigawo za madoda aja, ndipo maso ake akhale pa Jocasta mthenga wa ku Corinth akangofika.